Mbale za pamaliro a achimwene

Uthenga wa imfa ya achimwene unandipeza ndili pachiwongolero, ndikutsikira kunsi kwa hotelo ina ku Downtown kukasiya nsalu zochapa. Ntchito yanga ndi imeneyo: ndimayendetsa galimoto ya kampani yochapa ya ku Al Qusais, kuno ku dziko la Aluya, kutenga zakuda, kubweza zoyera. Ndinaimitsa galimoto, n'kumvera uthengawo kawiri. Kenako ndinatsitsa mitolo yanga yonse monga mwa masiku onse, chifukwa wolandira katundu anali atatambasula kale dzanja.

Kupita kumudzi kunakanika. Ndinali nditangobwerako kutchuthi miyezi iwiri m'mbuyomo, ndipo abwana anandiuza mosapsatira kuti mpando wa dalaivala sudikira munthu kawiri pachaka. Ndinawayankha mawu amene sindingalembe pano. Ine ndine wa mtima wapachala, sindibisa, ndipo amene anaphunzira nane sekondale ku Balaka akudziwa. Koma ndinakhala. Achimwene, munthu amene anandilera ndi ntchito yake yokhoma zidebe pamsika, anaikidwa ine ndikuonera pafoni. Alamu anagwira foniyo mopendeketsa, moti ndinaona kwambiri miyendo ya adzukulu kuposa bokosi.

Amalawi kuno maliro amawadziwa. Ife timakhala ku Al Nahda, pansanjika ya nambala naini, amuna asanu ndi atatu m'nyumba imene papepala pake analemba kuti ndi ya anthu anayi. M'menemo ndi mmene anthu anadzakhuzira maliro, kuyambira Lachisanu mpaka Lamulungu. Kunabwera madalaivala, alonda, ogulitsa m'masitolo ali ndi mayunifolomu awo, ndi amayi olera ana m'nyumba za eni dziko, amene anachita kupempha maola atatu kwa madamu awo. Asilamu a ku Mangochi anakhala pakhonde n'kupemphera mwa iwo okha, ife mkati tikuimba motsitsa mawu kuopa oyandikana nawo. Nsapato zinadzaza pakhomo mpaka kukafika pa lifiti. Ambiri sanawaonepo achimwene ngakhale pachithunzi. Maliro n'kulirana, basi.

Kuphikira khamu lotere pa sitovu yathu ya maso awiri kunali kosatheka. Chakudya chonse chinkachokera ku kafiteriya ya pansi pa nyumba: mpunga wa biriyani, nkhuku, mphodza za Amwenye zachikasu zija. Zonse zinkabwera m'matekawe, mabokosi oyera opepuka aja okhala ngati thovu louma, a chivundikiro cholumikiza. Masiku ano anawaletsa, simuwaonanso m'malesitanti, koma nthawi imeneyo chilichonse chodyedwa chinkabwera m'menemo. Aliyense wobwera ankafuna kuti asabwere chimanjamanja, ndiye ankadutsira ku kafiteriya. Pofika Lamulungu madzulo matekawe anali paliponse, pansi pa mabedi, m'bafa, pamwamba pa firiji. Panalinso mabokosi akuluakulu a mtundu womwewo amene anabweretsera ayezi wa zakumwa.

Lolemba m'mawa mnzathu wina wa ku Chipata, wogona bedi la pamwamba pa langa, anafuna kundipeputsa. Anayamba kuwaponya m'mpopi wa zinyalala.

Mpopi umenewu ndi chinthu chimene chinandizunguza mutu nditangofika kuno. Pakhoma la pansanjika iliyonse pali kachitseko kachitsulo. Ukatsegula n'kuponyamo jumbo lako, umangomva likugwa, likugwa, kenako phi! kutali pansi. Zatha. Sudzalionanso. Zaka zonsezi ndayenda mzinda uno kuchokera kunyanja mpaka kuchipululu, sindinaonepo dzala, sindinaonepo utsi wa zinyalala, sindinaonepo galu akufukula. Anthu ochuluka ngati nyerere, onse akudya, onse akutaya, koma m'mawa msewu uli mbee. Ndinkadzifunsa kuti zimapita kuti, koma sindinkafufuza.

Matekawe sanagwe. Ndi opepuka kwambiri. Anatsamira m'mpopimo cha pansanjika ya nambala seveni, ena n'kudzakhala pamwamba pawo, ndipo zinyalala za anthu a pamwamba zinayamba kuunjikana. Mlonda wa nyumbayo, mkulu wa ku Bangladesh amene kwa zaka ankatiyang'anira kumbali pa nkhani ya kuchuluka kwathu, anathera theka la tsiku akutokosa ndi chitsulo. Anabwera pakhomo pathu thukuta lili kamukamu, malaya atathimbirira msuzi. Sanakweze mawu. Anati Lolemba likudzalo kubwera woimira mwini nyumba kudzayendera. Akadzapeza bokosi limodzi lokha pakhonde pathu, kapena m'chipinda chake cha zinyalala pansi, iye adzamulowetsa munthuyo m'nyumba mwathu kuti awerenge mabedi. Anamaliza ndi mawu amodzi a Chiluya, khalas, kutanthauza kuti nkhani yatha, n'kutembenuka.

Ndiye nkhani inali imeneyo. Anthu asanu ndi atatu akanasowa pogona chifukwa cha maliro anga. Matekawe otsala onse tinawalonga m'majumbo akuda, majumbo oposa makumi awiri, n'kuwaunjika pakhonde. Anzanga anaonjezerapo zidutswa zoyera zija amakutira nazo TV kapena firiji yatsopano, zimene ankasunga kuti mwina adzatumizire katundu kumudzi. Mulu unafika kudenga, n'kutseka kuwala konse.

Wina afunsa kuti bwanji osangokawaponya m'mabini a nyumba zina. Mabini a kuno ali ndi eni ake, pali makamera, ndipo galimoto yanga ili ndi dzina la kampani mbali zonse ziwiri. Izo ndi zoona. Koma zoona zenizeni n'zakuti mtima wanga unkakana. Kwathu maliro satha ndi kukwirira. M'mawa mwake achibale amasesa. Amayi amasesa bwalo lonse, amuna amaphwasula chisakasa ndi kuwola phulusa la moto wa pamaliro, ndipo zinyalala zonse za masiku amenewo zimakokeredwa kudzala n'kutenthedwa. Apo m'pamene anthu amabalalika, moyo n'kuyambanso. Pa maliro a bambo, amene tinakoka zinyalala ndi kuyatsa moto tinali ine ndi achimwene. Tsopano pa maliro awo sindinakumbe, sindinanyamule, sindinaponye dothi. Chimene chinanditsalira n'kusesa kokha. Ndiye mbale zimene anthu anadyera powalira ndikaziphatikize ndi matewera a ana a anthu osawadziwa? Ayi.

Sabata yonse majumbo aja anakhala pakhonde, padzuwa la kuno. Pofika Lachinayi fungo linayamba kulowa m'nyumba ngakhale chitseko chili chotseka. Anzanga ankangopirira chifukwa ndinali namfedwa, koma ndinkaona maso awo.

Loweruka m'mamawa ndinalonga zonse m'galimoto. Zinadzaza mpaka kuchitseko, koma galimoto inkayenda ngati ilibe kanthu. Ndinapita kuseri kwa nyumba zosungiramo katundu ku Al Qusais, pamalo ena amchenga pomwe amaimikapo malole akufa. Ndinatsitsa majumbo awiri oyamba, n'kuwakhuthula pamchenga, n'kuyatsa, monga mmene aliyense wa kwathu akanachitira.

Zinthu zimenezi sizipsa ngati udzu kapena mapepala. Zinakwinyika, n'kuyamba kudontha moto, kenako panatuluka utsi umene sindinauonepo chibadwire. Wakuda bii, wokhuthala ngati nsalu, wochokera m'chinthu choyera ngati thonje. Kunalibe mphepo, ndiye unangokwera chilili ngati mzati. Ndinaima kukamwa kuli yasa, ndikuutsatira ndi maso, ndipo pamwamba pake penipeni panadutsa ndege yaikulu ikutsikira kubwalo, matayala atatuluka kale. Apo m'pamene nzeru zinandibwerera. Munthu wamkulu ndevu zaimvi, ndayatsa moto pafupi ndi bwalo la ndege, m'dziko la eni. Bambo wina anatuluka m'nyumba ya katundu akuthamanga, akukuwa m'chinenero chake, ndipo mawu amene ndinamva ndi akuti polisi. Ndinaponda motowo ndi mapazi, kuukwirira ndi mchenga ndi manja. Phula lakuda linakanirira kunsi kwa nsapato, ndipo lilipobe. Kumudzi ndinkafunadi kupita, koma osati ndi unyolo m'manja.

Ndinathawa pamenepo n'kukaima pamalo omwetsera mafuta. Ndinaimbira achemwali. Si achemwali anga obadwa nawo, ndi mayi wa ku Zomba amene walera ana m'nyumba imodzi ya Aluya kwa zaka zambiri, ndipo tonse timawatchula choncho. Ndi amene ankatsogolera amayi pamaliro paja. Nditawafotokozera, anandifunsa:

"Achimwene, kodi mukuyesa muli ku Balaka?"

Ndinawauza kuti sindinaimbe kuti andinyoze. Anati sakundinyoza, akungofuna kudziwa ngati mutu wanga ndinabwera nawo kuno kapena ndinausiya kutchuthi. Kenako anandiuza kuti ku Al Qusais komweko kuli bwalo la kampani ina kumene aliyense amaloledwa kukasiya zinthu zoti zikapangidwenso. Madamu awo amasonkhanitsa zoterezi kukhitchini, ndipo kamodzi pamwezi amawatuma ndi dalaivala wa panyumbapo. Ananditumizira malowo pafoni. Panali mtunda woti ndikanatha kuyenda wapansi kuchokera pomwe ndinayatsa moto. Ndinkadutsapo tsiku lililonse osadziwa.

Ndinalowa pageti n'kuima. Bwalo losesedwa bwino, ndipo m'mbali mwake munandandalika zikwere zazikulu zawaya, chilichonse ndi chithunzi chake: ichi cha mabotolo, ichi cha makatoni, icho cha mafoni akufa, cha mabatire, cha zovala. Kumapeto kunali chikwere chachikulu kuposa zonse, chachitali ngati nyumba, chodzaza ndi zoyera zokhazokha mpaka pamwamba, zikuwala padzuwa moti maso ankachita kuwawa. Koma chimene chinandidabwitsa kwambiri ndi anthu. Galimoto zapamwamba zinkalowa imodziimodzi. Ndinaona mwini dziko atavala mkanjo wake woyera wosita bwino akutsitsa yekha katundu, n'kumaika chilichonse m'malo mwake. Ndinaona mayi wachizungu atanyamula matekawe asanu okha, otsukidwa, osanjikizidwa bwino ngati akupita nawo kukapereka mphatso. Munthu kuwotcha mafuta, kusiya ntchito zake, kudzapereka zinyalala zotsuka. Ndinayang'ana majumbo anga akuda m'galimoto, manyazi n'kuyamba kundigwira ndisanatsitse n'limodzi lomwe.

Woyang'anira malowo anali mkulu wa ku Pakistan, wamsinkhu wanga, wa ndevu zopaka zofiirira. Anabwera, n'kumasula jumbo limodzi. Biriyani wa sabata yathunthu, wophikidwanso ndi dzuwa pakhonde. Anabwerera m'mbuyo, n'kulimanganso mofatsa, n'kupukusa mutu. Anati izi sangalandire.

Ndinaphulika. Ndinamufunsa ngati anamvapo za zinyalala zaukhondo. Ndinati pachikwangwani analemba kuti aliyense abweretse, sanalembe kuti olemera okha. Ndinanena zambiri, zina m'Chingelezi, zina m'Chichewa, ndipo n'zabwino kuti sanamve. Pomaliza ndinamenya jumbo lija theche ndi mphamvu zanga zonse. Linang'ambika, matekawe n'kubalalika, ndipo kamphepo kamene m'mawa kunalibe kanawatenga n'kuyamba kuwayendetsa pabwalo ponse. Ndinayamba kuwathamangitsa. Ukati ugwire ili, lathawira pansi pa galimoto ya munthu. Ukaliponda, likulira ngati mbewa. Mayi wachizungu uja anandigwirira limodzi ndi zala ziwiri. Chinthu chopanda kulemera n'chovuta kuchikwiyira.

Mkulu uja anatola nane. Titamaliza anandifotokozera m'Chingelezi chake choduladula, chofanana ndi changa. Anati zoyerazi amazisungunula m'makina, ndipo mafuta kapena chakudya chikalowamo chimawononga mtanda wonse, ogula amaukana. Zimafunika zotsuka, zouma, zopanda selotepi. Ndinamuuza kuti ndi za pamaliro a mkulu wanga, ndipo zikafika Lolemba anthu asanu ndi atatu asowa pogona. Anaika dzanja pachifuwa n'kunena mawu aja Asilamu amanena akamva za imfa. Kenako anati mawa amatseka faivi koloko. Ndikatsuke, ndibwere isanakwane, ndipo adzayatsa makina ine ndili pomwepo.

Ndinaimbiranso achemwali ndili m'galimoto, mtima usanatsike. Ndinati taonani malo anu aja, akuti ine bambo wa ana anayi ndikakhale pansi n'kumatsuka zotaya.

"Inu achimwene," anatero, "munaona kuti maliro amene mbale zake zinachoka zosatsuka?"

Kwathu mbale za pamaliro zimabwerekedwa m'mudzi monse, ndipo palibe imene imabwerera kwa mwini wake ili ndi msuzi. Kungoti ine zimenezi sindinkaziona ngati mbale.

Lamulungu atatuluka m'tchalitchi anabwera achemwali ndi amayi ena asanu. Tsiku limeneli ndi lokhalo limene amapuma pasabata, lokhalo limene sagwira siponji ya munthu. Anamanga zitenje pamwamba pa madiresi awo a kutchalitchi n'kulowa m'bafa mwathu. Atamasula jumbo loyamba mmodzi anathawira pakhonde, akuti amuna inu mumagona ndi zimenezi, n'chifukwa chake simunenepa. Anadzaza bafa ndi madzi otentha ndi sopo, n'kupanga mzere: awiri kukokolola zotsalira, awiri kutsuka, awiri kutsukuluza. Ife amuna anatiika kumapeto, kupukuta ndi kuyanika. Ine ndinati ndiima pakhomo ndiziyang'anira. Achemwali anandipatsa siponji m'manja, n'kunena kuti namfedwa wa kuno alibe mpando, ndigwade apo.

Ndinagwada. Matekawe akamatsukidwa amalira, kulira kwake kolowa m'mano, ndipo ambiri akamalira pamodzi m'kachipinda kakang'ono umachita tsemwe. Amafunanso dzanja lofatsa. Atatu oyamba ndinawaboola ndi chala. Wa ku Chipata uja, amene anayambitsa mavuto onsewa, anali pakhonde akuyanika ndipo pakamwa sipankatseka.

"Ba mudala, sukani bwino izo. Tizasewenzesa pa ukwati wanu wachiwiri."

Ndinamuuza kuti akapitiriza ndimuponya m'mpopi muja, tione ngati iye afike pansi. Amayi anati asayerekeze, ameneyo atsamira pa nambala eyiti ndi mimba yakeyo. Kenako mmodzi anayambitsa nyimbo ya pamaliro motsitsa, ena n'kulandira, manja ali m'thovu. Ndinatsuka nditaweramitsa mutu kwambiri, ndipo palibe anandiyang'ana.

Dzuwa limene linawoletsa chakudya chija ndi lomwe linatithandiza. Bokosi ukaliika pakhonde, ukatembenuka lauma. Vuto linali mphepo. Limodzi linauluka, tonse n'kuliyang'ana likutsika pang'onopang'ono nsanjika zonse naini, likuzungulira ngati nthenga, mpaka linakatera pafupi ndi mpando wa mlonda. Wa ku Chipata anatsika masitepe awiriawiri kukalitola mlondayo asanalione. Otsalawo tinawapsinja ndi nsapato. Ouma tinkawalowetsa lina m'linzake, ndipo apa ndinayamba kudabwa. Mulu umene unatseka khonde lonse unasanduka mizati isanu ndi iwiri yoyera, yoima m'kona, ndi mabokosi a ayezi pambali. Okhawo a mphodza ndiwo anakana kuyera. Chikasu chija chinalowerera, ngakhale achemwali anachipala mpaka anatopa.

Tinamaliza itadutsa folo koloko. Msewu wochokera ku Al Nahda aliyense amaudziwa, suyenda ngakhale Lamulungu. Ndinaimba hutala, ndinatukwana, ndinalowa tinjira ta m'mafakitale. Achemwali anakwera nane, atagwira mzati umodzi pamiyendo chifukwa kumbuyo unkagwa, ndipo njira yonse ankangoti yalla, yalla, fulumirani, koma mutifikitse amoyo. Tinalowa pageti patatsala mphindi zochepa.

Mkulu uja anatsegula bokosi limodzi, n'kulinunkhiza, n'kulipenya padzuwa. Anatenga lina pakati pa mzati, lina pansi. Atafika pa achikasu aja anayamba kuwaika pambali. Ndinatsegula pakamwa kuti ndiyambenso. Achemwali anandiponda phazi. Mkuluyo anang'amba zivundikiro zoyera n'kuziponya kwa zinzake, zapansi zothimbirirazo n'kuziika m'bini yake, zosakwana khumi. Anati izi zokha azitaya yekha. Kenako anatikodola kuti timutsatire kuseri.

M'shedi munali makina aakulu ngati chigayo cha dizilo, okhala ndi kukamwa kwakukulu pamwamba. Anawayatsa n'kudikira kuti atenthe. Kenako anandiuza kuti ndiponye ndekha. Ndinanyamula mzati woyamba, wautali kuposa ine, ndi dzanja limodzi, n'kuulowetsa. Mano a mkati anaugwira, kukukuta, mzati wonse n'kumira ngati ukumezedwa. Wachiwiri chimodzimodzi. Wachitatu. Mabokosi a ayezi, zidutswa za firiji, zonse. Ndinayang'ana kunsi kuti ndione potulukira ufa wake, monga kuchigayo, koma kunalibe kanthu. Makina anadya katundu wodzaza galimoto, osatulutsa chilichonse. Ndinafunsa kuti zapita kuti. Anandiloza kampopi kakang'ono m'mbali, kukula kwake ngati dzanja langa, n'kunena kuti ndidikire.

Patapita kanthawi panayamba kutuluka chinthu chofewa, chotuwa, chonyezimira, chikutuluka pang'onopang'ono n'kumadzipinda chokha m'thireyi yachitsulo. Utsi kunalibe. Kunali kafungo chabe, ndipo kafungo kameneko ndinakadziwa nthawi yomweyo.

Achimwene, mvula ikayandikira, ankayenda m'masitolo pa Balaka kupempha zoyera za m'makatoni a wailesi. Ankathira petulo pang'ono m'chitini, n'kumaponyamo zidutswazo chimodzichimodzi. Chidutswa chachikulu ngati mutu wa munthu chinkangoti fwaa n'kuzimirira, ndipo pansi pa chitini pankatsala phala lomata lotuwa. Limenelo ankamatira mabowo a misomali pamalata a anthu, ine nditagwira makwerero. Ndinali mwana wa sekondale, ndinkachita manyazi anzanga akamadutsa, ndipo ndinkawauza kuti izi ndi nzeru za umphawi. Iwo ankangoti gwira makwerero, mphunzitsi. Tsopano ndinaima m'dziko la nyumba zoboola mitambo, patsogolo pa makina ochokera kaya kuti, ndipo chimene chinkatuluka m'kampopi kaja chinali phala la achimwene. Mtundu womwewo, kunyezimira komweko.

Mkulu uja anavala magolovesi n'kulipsinja ndi chitsulo kuti likhale la ngodya zinayi. Litasiya kutuluka anazimitsa makina. M'thireyimo munali mtanda umodzi, kukula kwake ngati njerwa zitatu zogundizana. Basi. Ndinafunsa ngati zina zatsalira mkati. Anaseka, n'kunena kuti ayi, ndi zonse. Zoyerazi, anatero, pafupifupi zonse ndi mpweya. Chimene chinatseka mpopi, chimene chinatseka khonde, chimene chinatsala pang'ono kundimangitsa, unali mpweya wovala malaya oyera.

Utazizira pang'ono anandilola kuunyamula. Ndinakonzekera chinthu chopepuka, ndipo unanditsitsa manja. Wolemera, wolimba ngati mwala, wofunda ngati thupi la munthu. Anthu onse amene anabwera masiku atatu aja, aliyense ndi mbale yake, zonse zinali m'manja mwanga. Achemwali anaukhudza ndi chala n'kunena chapansipansi kuti Mulungu anapatsa anthu nzeru. Kukhoma la shedi kunali mitanda ina yotere, yosanjidwa ngati uvuni wa njerwa, ndipo ndinayesa kuganiza kuti khoma limenelo linali mapiri angati a zoyera, mutu n'kukana. Mkuluyo anati malole amadzaitenga, ndipo kumene imapita amapangira mafelemu a zithunzi ndi zokolekera zovala. Ndiye kuti zokolekera zimene ndimanyamula tsiku ndi tsiku m'galimoto mwanga mwina zinakhalapo mbale za munthu.

Wathuwo ndinauika ndekha pamwamba pa inzake. Tikutuluka, mkulu uja anathyola kachidutswa kamene kanaumira kukamwa kwa kampopi, kukula ngati chala chachikulu, n'kundipatsa. Ndinati shukran, zikomo wa kuno. Ndinafunanso kupepesa za dzulo lake, koma anakupiza dzanja, n'kunena kuti atseke geti.

Titabwerera tinapeza amayi aja atasesa khonde ndi kulikolopa, akudikira kuti athamangire sitima ya Metro, chifukwa aliyense anali ndi ola lake lofikira kwa madamu. Lolemba mlonda anakwera yekha m'mawa, ine ndikumanga nsapato. Anatuluka pakhonde, n'kuyang'ana kona iliyonse, ngakhale kuseri kwa makina oziziritsa. Anapita kukatsegula kachitseko ka mpopi, n'kuponyamo botolo, n'kumvetsera mpaka linafika pansi. Anagwedeza mutu. Woimira mwini nyumba atabwera masana, anamudutsitsa pakhomo pathu osagogoda. Mabedi athu alipobe asanu ndi atatu.

Tsiku lomwelo, nditatsitsa nsalu ku Downtown, ndinaima pambali n'kuimbira alamu. Kachidutswa kaja kanali m'thumba la malaya. Ndinawafunsa za ana, za mbuzi, za denga ngati likudontha. Anati silidontha, amuna awo analimata chaka chatha. Kenako ndinawauza kuti kuno tasesa.

"Mwachita bwino, alamu," anatero. "Ife tinasesa kale. Timadikira inu."